Ubambo Umathera Pageti

Dzina loti Asidi anawapatsa ndi ana asukulu, ndipo silinali dzina lachikondi ayi. Mkuluyu anaphunzitsa sayansi pasekondale ya m'tauni mwawo mpaka imvi zinati mbuu m'mutu, koma chimene ana ankakumbuka si mabotolo a mulabu. Ankakumbuka lilime. Akakukalipira Lolemba, pofika Lachisanu umakhala ukumvabe kuwotcha. Atapuma pantchito dzinalo linawatsatira kunyumba, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankalitchula chapansipansi ali kukhitchini.

Sukuluyo inali ndi kachitidwe kake. Chaka chilichonse inkaitana ana ake akale amene achita zakupsa pantchito zawo, n'kuwaveka mendulo mu holo ana onse akuona. Koma wowaveka sankakhala ahedi. Wolandirayo ankaima pamaikolofoni n'kuitana yekha mphunzitsi mmodzi amene anamuumba, ndipo mphunzitsiyo ndi amene ankamukoleka mendulo m'khosi. Zikatero ankaitana makolo kuti adzajambulitse naye. Zithunzi ziwirizo, cha mphunzitsi ndi cha makolo, zinkapachikidwa pakhoma la holo, osazichotsanso.

Chiyambire zimenezi, Asidi anali asanaitanidwepo. Madokotala amene anawaphunzitsa okha kagwiridwe ka botolo la mankhwala ankafika pamaikolofoni, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuitana wina. Asidi ankawomba m'manja ndi nsonga za zala, mtima ukuwira. Chinkawapweteka kwambiri n'chakuti a Mapu, mphunzitsi wa jogirafe, munthu amene ntchito yake inali kujambula mitsinje pabolodi ndi kuseka ndi ana ngati anzake, anali ataitanidwa kambirimbiri moti khoma la holo linkangooneka ngati la pabalaza pawo.

Chaka chimenechi ndiye zinthu zinatembenuka. Mwa olandira mendulo munali chisamba chawo chenicheni, mwana wamkazi amene anthu tsopano ankangomutchula kuti Injiniya, womanga milatho imene madzi osefukira amailephera. Asidi atamva, tulo tinawathawa ndi chimwemwe. Nkhaniyo anakaitulutsira kometa tsitsi, podziwa kuti a Mapu amameta Lachinayi. Anawapezadi ali pampando, atawafunditsa nsalu mpaka m'khosi, alibe kothawira.

"Mukathana nawo awa mundikonze bwinobwino," anatero Asidi kuuza wometa, mawu ali pamwamba. "Loweruka ndikwera pansanja kawiri. Koyamba ngati mphunzitsi, kachiwiri ngati kholo. Alipo wina pasukulu paja anakwerapo kawiri tsiku limodzi?"

A Mapu anawayang'anira pagalasi. "Wakuuzani kuti aitana inuyo?"

"Nanga aitana ndani? Mlatho amamanga ndi mayina a mitsinje?"

"Ine ndangofunsa, achimwene."

"Achimwene anu ndani? Inu ana munkawagula ndi nthabwala. Ine ndinkaphunzitsa."

"Munkaphunzitsadi," anatero a Mapu mofatsa, kufatsa kuja kumene kunkawanyansa Asidi chiyambire. "Ndimakumbuka tsiku lina munaphunzitsa mwana wina mu holo muja. Mpango umene anapukutira misozi unali wanga."

Wometa anazimitsa makina ake n'kuyamba kuwapukuta, ngakhale anali oyera kale. Aliyense m'tauniyo ankaidziwa nkhani imeneyi.

Asidi anali ndi lamulo lawo. Tsiku limene mwanayo anayamba Fomu 1, anayenda naye kuchokera kunyumba atamunyamulira chikwama. Atafika pageti anam'bwezera chikwamacho n'kumuuza kuti, "Ubambo wanga wathera pano. Ukalowa umu ine ndine Sala. Zakunyumba zatsala kunyumba." Madzulo potuluka, pageti pomwepo, ankawatembenuza mawuwo: "Zakusukulu zatsala kusukulu." Akatero ankamutuma buledi pagolosale yapakona ngati palibe chachitika. Munthuyu ankaopa chinthu chimodzi kuposa matenda, kuti wina adzanene kuti Asidi amakondera mwana wake. Ndiye pofuna kutseka anthu pakamwa, mwanayo ankamuthira ukali woposa wa ena onse. Anzake akachedwa ankasesa khonde, iye akachedwa ankakolopa labu yonse. M'kalasi sankamutchula dzina limene anam'patsa okha, ankangoti "iwe wapakona".

Ali Fomu 4, mtsikanayo anaposa onse pa sayansi. Mphoto inali yake, ndipo zimenezi ankazidziwa ndi alonda omwe. Koma tsiku la mphoto Asidi anaimirira mu holo n'kutchula mnyamata amene anali wachiwiri. Mtsikanayo anali atayamba kale kudzuka pampando. Anakhalanso pansi, ana onse akufa ndi phwete. Madzulo ake pageti, maso ali psuu, anafunsa kuti, "Adadi, chifukwa chiyani?" Iwo anayankha kuti, "Zakusukulu zatsala kusukulu," n'kumutuma buledi. Kwa iwo nkhaniyo inathera pomwepo, ndipo ankaikamba monyadira ngati umboni wakuti anali munthu wosakondera.

Komabe funso la a Mapu linawalowa ngati kamwala munsapato. Anameta, analipira, anatuluka osatsanzika, koma njira yonse kamwalako kankawalasa. Bwanji ngati mwanayo ataitana Mapu? Mapu pansanja, manja ali m'khosi mwa mwana wa Asidi, eni ake ali pansi akuwomba m'manja! Atangoganiza zimenezi anamva chizungulire, mpaka anagwira mpanda wa munthu.

Injiniya anafika Lachisanu masana. Anapeza suti ya bambo ake italendewera pachitseko cha pabalaza, mayi ake akusita shati patebulo lodyera, nsapato zakuda zili pakhonde kuti polishi alowerere. Anapereka moni, anapereka timphatso, anakhala pansi. Tiyi asanazizire n'komwe, Asidi anayamba.

"Mawa uitana ndani?"

"Adadi, ndangofika kumene. Sindinavule ndi nsapato zomwe."

"Funso langa ndi losavuta. Ana a Fomu 1 atha kuyankha."

Injiniya anaika kapu pansi n'kuwayang'ana. Anali ndi maso a bambo ake, aja osaphethira. "Mukufunsa ngati ndani? Adadi kapena Sala?"

"Zachibwana zimenezo uzikachita ndi anyamata ako okumba maenje. Pano ukuyankhula ndi ine."

"Chabwino. Inuyo mukufuna chiti kwenikweni? Kundiveka mendulo, kapena kuima pambali panga ndi amami?"

"Zonse ndi zanga."

"Chikanakhala chimodzi?"

Apa munthu wanzeru akanayamba wamwa tiyi. Koma Asidi anali asanalolepo funso kuwadikira. "Kuima pachithunzi n'chiyani? Kholo lililonse limaima. Ndi chidakwa chomwe chimabereka. Koma kuveka mendulo, pamenepo ndiye pamaoneka amene anagwira ntchito."

Ayironi inaima pashati. "Abambo inu," anatero akazi awo, "mwazimva zimene mwanenazi?"

"Inu sitani shatiyo, mupsereza kolala."

Injiniya anatembenuza kapu pambale yake. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati munthu amene akutsegulira mnzake khomo lakumbuyo kuti atuluke mwaulemu. "Adadi, mphoto ija ya Fomu 4 inali ya ndani?"

"Aa! Zakalekale zimenezo ukuzifukuliranji?"

"Ndangofuna kumva pakamwa panu. Pano tili kunyumba, palibe akutimva."

"Ukanalandira iwe anthu akanati chiyani? Ndinakulimbitsa mtima. Milatho ukumangayi ukuyesa inachokera kwa Mapu ndi timipango take? Uzithokoza. Ana ena analibe bambo wowaphunzitsa kuti dziko silinyengerera munthu."

"Ndamva," anatero Injiniya. "Mawa ndiitana Sala."

Asidi anamenya ntchafu ndi chikhatho n'kudzuka kukayesa jekete. Sanaone kuti akazi awo azimitsa ayironi shati isanathe, ndiponso sanaone kuti mwana wawo watenga kapu yake kukamwera kukhitchini. Iwo anangomva kuti apambana.

Loweruka holo inadzaza mpaka ana ena anakhala m'mawindo. Inkanunkha penti watsopano, chifukwa sukuluyo inkapenta mbali yokhayo imene alendo aone. Kutsogolo, mbali ina kunali mipando ya aphunzitsi, mbali ina ya makolo. Akazi awo anawasungira malo poika chikwama pampando, koma Asidi anangodutsa ngati sakuwadziwa n'kukakhala kwa aphunzitsi, dala pafupi ndi a Mapu, kuti adzaione bwino nkhope yawo nthawi ikakwana.

Woyendetsa mwambo anali tcheya wa bungwe la ana akale. Ameneyu anali mnyamata yemwe uja anapatsidwa mphoto ya sayansi. Tsopano anali ndi mimba yotsogola ndipo ankagulitsa inshulansi, ndipo sayansi yonse imene inatsala mwa iye inali kuwomba maikolofoni ndi chala kuti amve ngati ikugwira. Anayamba ndi woweruza milandu wina, amene anayankhula motalika ngati akupereka chigamulo, n'kuitana a Mapu. Asidi sanasunthe miyendo kuti mnzawoyo adutse. Kenako panabwera mayi woyendetsa ndege, amene anaitana madamu a Chingerezi, ndipo madamuwo analira mpaka kunyowetsa riboni ya mendulo. Wotsatira anali mkulu wamabizinesi amene aphunzitsi onse ankakumbuka kuti anachotsedwapo sukulu chifukwa chogulitsa mabuku a mulaibulale. Koma panja panali pataima basi yatsopano yolembedwa dzina la sukulu, ndipo basi imafufuta zambiri.

Asidi sankamva chilichonse. Ankangokonza tayi, n'kupukuta manja pamaondo.

Pomaliza a Tcheya anatchula Injiniya. Holo inagwedezeka ndi m'manja. Iye anakwera atavala diresi yabuluu yopanda zokongoletsa, ndipo sanatulutse pepala ngati anzake aja. Anauza atsikana kuti masamu saluma, anauza anyamata kuti mlatho sudziwa ngati wouwerengera wavala siketi kapena buluku, ana n'kuseka. Kenako nkhope yake inauma.

"Mphunzitsi amene ndikumuitana," anatero, "anandiphunzitsa sayansi, ndipo anaiphunzitsa bwino, zimenezo sindingawalande. Anandiphunzitsanso kuti lamulo ukaliika umalisunga, ngakhale lipweteke wina. Phunziro limenelo sindinaliiwale. Sala, bwerani."

Kumbuyo ana ananong'onezana kuti, "Asidi, Asidi." Eni dzinawo anadzuka pang'onopang'ono kuti aliyense awaone, anamanga batani la jekete, anaponda chala cha a Mapu osapepesa, n'kukwera masitepe. Kunena zoona, munthuyu anasangalala. Anasangalala kuposa tsiku la ukwati wake. Ananyamula menduloyo, ndipo Injiniya atawerama kuti amuveke, anaona timvi tiwiri titatu pamutu pa mwana wawo n'kudabwa kuti tinamera liti. Kamera inathwanima. Injiniya anawagwira chanza mkono atautambasula, monga amachitira munthu ndi mlendo wolemekezeka.

"Zikomo, Sala," anatero.

Asidi anatembenukira kwa a Mapu n'kukweza chibwano. Khoma lija tsopano linali lawonso.

"Tsopano makolo!" anafuula a Tcheya. "Sala, inu ndiye muli ndi mwayi, musavutike n'kutsika. Mungosunthira mbali iyi, amayi akupezani pompano."

Injiniya anatambasula dzanja n'kutenga maikolofoni. "Pepani a Tcheya. Sala atsike, ntchito yawo amaliza. Amami, bwerani."

A Tcheya anaseka, poyesa kuti ndi nthabwala za anthu ophunzira. "Nanga bambo?"

"Bambo anga sanalowepo pasukulu pano. Zaka zonse zimene ndinaphunzira kuno ankandisiya pageti. Ndikhulupirira ndikawapeza pomwepo."

Kenako kumbuyo kunamveka "Eee!" wa ana, uja amachita wina akagwa ndi mbale m'manja, ndipo anafalikira mpaka kumawindo. Ahedi anayang'ana nsapato zawo.

Asidi anaima pomwepo, kumwetulira kuja kudakali theka pankhope. Lilime lija, limene linkagwetsa anyamata amisinkhu ngati mitengo, linauma gwa. Anafuna kukalipa, koma akalipira ndani? Mwana wasukulu uyu sanaphwanye lamulo lililonse. Anayang'ana mwana wawo kuti mwina aphethira, koma iye ankayang'ana kumene kunali mayi ake. Ndiye anatsika. Masitepe omwe aja anakwera ngati mnyamata, potsika anachita kugwira chitsulo.

Anakumana ndi akazi awo pakati pa masitepe. Mayiwo misozi inali m'masaya, koma sanaime. "Ndinakufunsani dzulo," ananong'ona, n'kupitirira.

Ali pansi anamva wojambula akunena kuti, "Amayi sunthirani pafupi, pakati pali mpata." Kamera inathwanimanso.

A Mapu anapinda miyendo kuti mnzawo adutse. Sanamwetulire, sanayang'ane kumbali, ndipo zimenezi n'zimene zinawapsetsa mtima Asidi kuposa zonse.

"Sekanitu," anatero Asidi kukamwa kuli kolumana. "Mwadikira zaka zambiri. Sekani."

"Palibe choseketsa apa, achimwene. Khalani pansi."

Sanakhale. Anadutsa pakati pa holo, ana akuwapatsa njira ngati kale, koma tsopano osati chifukwa cha mantha. Anatuluka, anadutsa labu, anadutsa basi yatsopano ija, n'kulunjika kugeti. Cholinga chinali kupita kunyumba wapansi, akatseke chitseko, mayi ndi mwana wawo akagone kumene akudziwa. Koma atangotuluka pageti sanapitirire. Geti linali lopentedwa mwatsopano, koma dzenje lija la pambali pa chipilala linalipobe, pamene mwana wa Fomu 1 ankaima kulandira chikwama chake. Anaima pomwepo, dzuwa likuwaswa paliwombo pometedwa bwino paja, akukonza mawu. Anakonza mawu ambiri, akuthwa okhaokha, okwanira kalasi yathunthu.

Anthu anayamba kutuluka. Ena ankapereka moni mothamanga, ena ankapeza chochita pafoni. Patapita nthawi galimoto ya Injiniya inatulukira. Idakali mkati, mwini wake, amene ankayendetsa yekha, ankayang'ana kutsogolo ngati pageti palibe munthu. Matayala akumbuyo atangodutsa chipilala, galimoto inaima ndipo galasi linatsika. Mendulo anali ataivula kale.

"Adadi, kwerani. Dzuwali likupwetekani."

Mawu onse anakonza aja anabalalika. Anagwira chitseko cha galimoto ndi manja onse awiri. "Iwe, wandivula pamaso pa ana. Pamaso pa Mapu! Ine bambo ako wokubereka, ndinakunyamula pamapewa awa, sindinadyepo iwe usanadye." Mawu anawathera, ndipo chimene chinatuluka pambuyo pake chinali chaching'ono, chosayenera munthu wa suti. "Chifukwa chiyani?"

Analimva funsolo likutuluka, ndipo analizindikira. Linafunsidwapo pamalo omwewo.

Injiniya anawayang'ana. Maso ake nawonso anali ofiira, koma sanaphethire. "Zakusukulu zatsala kusukulu, adadi," anatero, n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Kenako anatembenukira kwa mayi ake. "Amami, buledi kunyumba alipo, kapena tigule?"

"Watha m'mawa," anayankha mayiwo akuyang'ana kutsogolo.

Asidi anakwera. Pampando wakumbuyo panali kabokosi ka mendulo, ndipo anachita kukasuntha kuti apeze pokhala. Atafika pagolosale yapakona galimoto inaima, injini ikulirabe, ndipo kutsogoloko palibe amene anasuntha. Anadikira pang'ono, kenako anatsegula chitseko n'kutsika okha.

Mwini golosale, amene anali pomwepo chiyambire masiku a chikwama aja, anawalandira ndi chimwemwe. "Sala! Kometa kuja amati lero mukwera pansanja kawiri. Zatheka?"

Asidi anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete, ngati kuti ndi thukuta. "Kamodzi," anatero. "Ndipatseni buledi."